Ambulera ya Abusa Nongsiej

Ndinawalizira belu zaka khumi ndi zinayi
pa tchalitchi cha malata ku Mawsiang,
kumene mvula imagwa ngati ikubweza ngongole,
mwezi wathunthu osapuma,
mabuku a nyimbo mpaka kuchita chuku m'kabati.

Abusa Wanphrang Nongsiej anali mkamwini
ngati ife tonse a m'mapiri muno:
nyumba ya akazi awo, munda wa akazi awo,
ana otenga mfunda wa mayi.
Chawochawo chinali mawu basi,
ndi ambulera yakuda yothyoka nthiti ziwiri.
Koma mawuwo! Akati "Tipemphere,"
ngakhale otafuna kwai pabenchi lakumbuyo
ankameza malovu awo ofiira.

Chaka chimene madzi analowa m'una wa malasha
tinaika anyamata asanu ndi awiri Loweruka limodzi.
Wachisanu ndi chitatu mgodi sunamubweze.
Abusa anatsegula buku pamanda,
anayang'ana tsamba mpaka linanyowa,
n'kulitseka osawerenga.
Anangoti, "Ndatopa kufika mochedwa."

Lolemba anavula kolala yoyera,
anaipinda m'chitini cha masamba a tiyi
n'kundifunsa ngati ndimatha kuyendetsa jipi.
Sinodi inalemba makalata atatu. Sanayankhe.

Chipani chinabadwira m'nyumba yosungira matsache,
anthu makumi awiri, mpando umodzi,
chizindikiro chake ambulera.
Ankati a kuchigwa amatiwerenga pachisankho pokha,
ngati mbuzi tsiku la msika.
Tinakwera midzi imene msewu umaiopa,
ine pachiwongolero, chimkuzamawu padenga,
amayi a madengu kumsana, lamba pamphumi,
akuima kumvetsera mawu omwe aja
amene anabatiza ana awo.

Koyamba tinapata mipando iwiri. Kachiwiri inayi.
Ku Shillong boma linaperewera anayi enieniwo,
ndipo anali m'thumba la jekete ya Abusa.
Unduna unabwera, nyumba ya mpanda, galimoto ya mbendera.
Ndisaname, sukulu zinamangidwa.
Mlatho umene mwaolokawo ndi wawo.
Chipatala chimene anabadwira mdzukulu wanga ndi chawo.

Koma dizilo wa kampeni sagwa ngati mana.
Eni migodi ankabwera usiku, nsapato zopanda matope,
ndipo ine ndemwe ndinanyamula chikwama
chimene sindinafunse chifukwa chake chinkalemera.
Pobwerera ndinkawasuzumira pagalasi
ali kumbuyo, maso otseka, milomo ikuyenda.
Kaya linali pemphero, kaya masamu.

Mtsinje wathu unasanduka dzimbiri, nsomba mimba m'mwamba.
Mayi wa mnyamata wosabwezedwa uja
anadikira pabenchi la ofesi tsiku lonse
kuti angowauza mawu awiri:
"Mwachedwanso, Abusa."

Amene anakwera nawo pamsana pa njovu
ndiwo anayamba kutsika mame atawoneka.
Wachiwiri wawo, Banshan, amene anamuphunzitsa katekisimu,
anachoka ndi theka la chipani,
khoti n'kumuwonjezera ambulera.
Tinachita kampeni yomaliza ndi chizindikiro cha makwerero.
Tinagwa. Kwawo kwenikweni, ndi mavoti mazana atatu.
Usiku umenewo anandiuza ndizimitse injini pamtunda,
tinatsetsereka mwakachetechete mpaka pakhomo
kuti Kong Ibanri asadzuke.
Anali maso, nyali ili pazenera.

Tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi.
Amakhala pabenchi lakumbuyo, pakati pa otafuna kwai.
Ena amawapatsa moni, ena amakonza mpango n'kudutsa.
Chitini chija chikadali pamwamba pa kabati,
kolala inasanduka yachikasu ngati dzino.

Lamulungu lapitali ndinawapeza pansi pa nsanja,
chifunga chili tolo, chingwe chili m'manja.
"Kyrmen, ndiloleko."
Anakoka ndi thupi lonse, mapewa akunjenjemera,
belu linalira mokhota, ngati likutsokomola.
Anthu anatuluka m'nyumba akuthamanga,
mabatani osamanga, ana tsitsi losapesa.
Ndinayang'ana wotchi yanga.
Kunali kutatsala mphindi makumi awiri.
Sindinawauze.